Metronomu Yandinamiza Zaka 31

Lolemba, 2 Juni

Andisankha. Loweruka pa 14, m'holo ya sukulu ya nyimbo, ophunzira 12 tidzaimba piyano pamaso pa anthu. Ine nambala 7. Zaka 71, koyamba. Zaka 34 ndinaima pabolodi kuphunzitsa masamu osanjenjemera. Lero magalasi ndagwetsa kawiri.

Vuto limodzi. Aliyense mphindi 6, wopitirira amuimbira belu. Nyimbo yanga, masamba anayi, imanditengera mphindi 7 ndi masekondi 12. Ndayesa katatu, konse chimodzimodzi. Aphunzitsi, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga womaliza, akuti: "Amayi, mukuikoka ngati ngolo. Fulumirani, apo ayi tidule tsamba lachitatu." Tsamba lachitatu ndiye nyimboyo. Sindidula.

Lachitatu, 4 Juni

Pamwamba pa tsamba loyamba analemba 72, ndiko kuti kugunda 72 pa mphindi. Metronomu yanga yathabwa, yogunda liwiro la nyimbo, ya kamuvi kopita uku ndi uku, ndimaiika pa 72 m'mawa uliwonse. Ndiye wolakwa ndani? Ndawafunsa aphunzitsi pafoni. Angoseka.

Mng'ono wanga wavomera kudzanditembenuzira masamba. Manoti a nyimbo sadziwa, ndizidzamugwedezera mutu. Akuti: "Achemwali, inu ngakhale kuyetsemula mumawerenga." Mawa ayamba kuyeserera. Amanyambita chala asanatembenuze. Zimenezo zitheretu.

Lachisanu, 6 Juni

Kunabwera bambo wokonza piyano, makiyi awiri amamata. Atamaliza ndinakhala pansi kuti ndiyese, metronomu ikugunda. Iwo maso pawotchi yawo. Kenako: "Kameneka katopa, mayi. Kakuyenda ngati ine."

Atapita ndinawerenga ndekha ndi wotchi yapakhoma. 60. Ndinabwereza kasanu: 60, 60, 61, 60, 60. Kamuvi pa 72, kugunda 60. Ndinaigula yakale, zaka 31 zapitazo, ndipo sindinaiyesepo. Ine amene ndinkauza ana kuti yankho lililonse aziliyesa kawiri.

Pensulo. Nyimbo yonse ili ndi kugunda 432. Kugawa ndi 60: mphindi 7, masekondi 12. Kugawa ndi 72: mphindi 6 ndendende. Ikwana yonse. Ndinaseka ndekha m'chipinda mpaka kutsokomola. Aphunzitsi ndawapepesa. Kamodzi, n'kokwanira.

Lolemba, 9 Juni

Aphunzitsi andiikira metronomu m'foni. Pa 72 yeniyeni ndi nyimbo ina. Zaka zonsezi ndinkayesa ndi ya munthu wolira. Ayi ndithu. Ndi ya munthu woyenda ndawala, akukakumana ndi wina, akudziletsa kuthamanga. Tiyi ndinamuiwala pambaula.

Koma tsamba lachitatu, mzere wachiwiri, pamene dzanja lamanzere limalumpha kupita pansi. Pa 20 ndaphonya 13. Kachala komaliza kakutera pambali. Masiku atsala 5.

Lachitatu, 11 Juni

Phunziro lomaliza. Ndisanayambe n'komwe, aphunzitsi anazimitsa foni n'kuikhalira. Akuti 72 ndi mayendedwe a munthu, si perete wa asilikali. Pamalo olumphapo ndichedwe pang'ono, ndipume, dzanja lifike lokha. Patsamba lachinayi ndiisiye ithamange. Ndinafunsa kuti ndichedwe masekondi angati. "Makutu akuuzani, amayi." Yankho lotere m'kalasi mwanga likanapeza ziro.

Komabe pa 10 ndinakhoza 9. Ndipo malo aja akumveka ngati munthuyo waima pakhomo asanagogode.

Kunyumba katatu: 6:09, 5:58, 6:14. Nyimbo imodzi, manambala atatu. Awiri ndi a belu. Aphunzitsi akuti zodula kapena kusadula ndisankhe ndekha. Mng'ono wanga anabwera ndi kapini kotsekera tsamba lachitatu, "mwina mwake". Ndakaponya m'dilowa.

Lachisanu, 13 Juni

Diresi lasitidwa. Zikhadabo ndawenga. Kuchokera pakhomo la m'mbali kukafika papiyano masitepe 17, ndinakayesa masana. Mpando ndi wamtali ndi zala ziwiri, adzautsitsa. Mng'ono wanga ndam'patsa wotchi yowerengera mphindi, ndamuonetsa podina. Katatu.

Chakudya ndachisiya m'mbale. Si mantha. Mwina theka.

Loweruka, 14 Juni

Anthu 83, ndinawerenga ndili kuseri kwa katani. Tsamba loyamba ndinkawerenga chamumtima monga mwa masiku onse. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu sindikudziwa. Ndikungokumbuka dzanja lili m'malere, holo yonse zii, kenako latera pake. Kugwedeza mutu ndinaiwala. Mng'ono wanga anatembenuza yekha, pamalo pake penipeni. Akuti anaona mapewa anga.

Masamba onse anayi. Belu silinalire.

Nditatsika ndinam'funsa nthawi. Wotchi ili pa 0:00. "Achemwali, manja awiri, limodzi masamba, lina mpango wa misozi." Ndinapita kwa bambo wa belu. Anayang'ana pansi, akuti anakumbukira kudina anthu akuwomba kale m'manja. Aphunzitsi angondikumbatira. Anthu 83, aliyense ndi foni m'thumba, wosunga nthawi palibe.

Ndafika kunyumba, nsapato osavula, ndati ndiibwereze monga m'holo muja kuti ndipeze nambala yolemba muno. Wotchi pambali. Ndafika pakati pa tsamba lachinayi ndi pamene ndaona kuti nanenso sindinadine.