Ndamuyang'ana Nyani M'maso

Loweruka madzulo. Miyendo yatupa, koma mtima uli m'malo.

Ndapita ndithu. Amayi a kumpingo tinachita hayala minibasi kuchokera pa Chiringa kukaona nyama kupaki ina kufupi ndi Blantyre, ndipo ine ndinakwera nawo ndi mimba yanga ya miyezi isanu ndi iwiri.

M'mawa apongozi anga anandiimira pakhomo. "Woyembekezera saonera nyama zakutchire. Mukayang'ana nyani, mwana adzabadwa ndi nkhope ya nyani." Amuna anga anangowerama n'kumapopa njinga. Ine ndinati, "Amayi, ndamva," kenako ndinamanga chitenje n'kutuluka.

Ndaona mbidzi, ndaona nyamalikiti ikudya masamba a kunsonga kwa mtengo. Titafika pa anyani, Esinati, mnzanga wa kukwaya, anandiphimba kumaso ndi mpango wake. Ndinauchotsa. Nyani wamkazi anakhala pamwala, kamwana katamukakamira pamimba. Anandiyang'ana, inenso ndinamuyang'ana mpaka galimoto inanyamuka. Nthawi yomweyo mwana wanga anagunda m'mimba, ndipo ndinaseka mokweza.

Pobwera ndapeza apongozi sakundilankhula. Akuti auza kale anthu kumjigo kuti kalikonse kakachitika, mlandu ndi wanga. Anene. Pa mimba yanga yoyamba ndinamvera zonse, mazira sindinadye, pakhomo sindinaimepo, koma mwana tinakamuika m'manda asanathe sabata. Palibe amene anati mlandu ndi wake.

Mimba ino ndiisamala mmene ndikudziwira ine. Mawa kutchalitchi ndikakhala kutsogolo kuti aliyense andione, ndipo wofuna kumva za nyaniyo abwere adzandifunse pamaso...