Imfa ya Mayi Mwalwanda ndi Chipinda cha Mabenchi

KOMITI YOLANDIRA ODWALA OCHOKERA KUTALI, MPINGO WA KU AREA 23

Tsiku: Loweruka, 14 Malichi 2026
Malo: Chipinda cha Sande Sukulu
Analipo: Bambo Gilford Mkandawire (Wapampando), Mayi Jenifer Chimwaza (Mlembi), Mayi Tamara Nyasulu, Mayi Kate Msiska
Sanabwere: Bambo Harry Kumwenda (sanatumize uthenga)

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 2 koloko masana ndi pemphero la Mayi Msiska.

2. Zolembedwa za msonkhano wa mu Novembala

Zinawerengedwa. Palibe anazitsutsa, koma panatenga nthawi kuti wina azivomereze.

3. Imfa ya Mayi Jacinta Mwalwanda

Wapampando anadziwitsa komiti kuti Mayi Mwalwanda a ku Karonga anamwalira kwawo mwezi watha. Anakumbutsa mamembala kuti mayiwa anabwera mu Okotobala kudzawotchetsa khansa ya m'mawere pa makina a ku chipatala chachikulu, ndipo komiti inawapezera malo kwa Mayi Nyasulu.

Mayi Nyasulu anati poyamba ankakhala bwino. Mlendoyo akabwera kuchokera kuchipatala ankawathandiza kusadzula nkhwani, ngakhale anali wotopa. Khungu la pachifuwa litayamba kuda, Bambo Kumwenda anauza komiti kuti anamva zoti moto wa makinawo umatsalira m'thupi ndipo umapweteka mwana wosabadwa. Popeza mwana wa Mayi Nyasulu anali woyembekezera, komiti inasamutsira wodwalayo m'chipinda chosungira mabenchi, kuseri kwa tchalitchi. Chakudya chinkasiyidwa pakhomo. Pasanathe sabata anakwera basi kubwerera kwawo osatsanzika, chithandizo chili pakati.

Mayi Msiska anati namwino anawaimbira foni kufunsa chifukwa chimene wodwalayo anasiyira kubwera. Atamufotokozera, namwinoyo anati makinawo akazimitsidwa palibe chotsalira m'thupi, ndipo mayiwo akanatha kugona mphasa imodzi ndi woyembekezerayo. Mayi Msiska anapempha kuti zilembedwe kuti nthawi ija iwo anati tiyambe tafunsa kuchipatala. Mlembi anatsimikiza kuti komiti inagwirizanadi zokafunsa, koma sinatchule woti apite, ndipo palibe anapita.

Mayi Nyasulu anati iwo sanathamangitse munthu, anangomvera komiti. Mayi Msiska anafunsa ngati inali komiti imene inawaletsa kulandiranso mbale zawo zimene wodwalayo ankadyera. Wapampando anapempha kuti tilankhule kudzera kwa iwo.

Mayi Nyasulu anatuluka pang'ono. Atabwerera anati: “Mdzukulu wanga anabadwa bwinobwino. Kachipewa kamene amavala anamulukira ndi malemuwo, ali m'nyumba mwanga.”

Wapampando anati palibe akudziwa ngati malemuwa akanachira atamaliza chithandizo. Mayi Msiska anayankha kuti ndi zoona, ndipo palibe adzadziwe.

Chigamulo: Wodwala asadzagonekedwenso m'chipinda cha mabenchi. Bambo Kumwenda auzidwe zimene namwino ananena.

4. Wodwala wochokera ku Rumphi

Wapampando anati mayi wina afika Lachiwiri kudzayamba chithandizo chomwechi. Mayi Nyasulu anadzipereka kumusunga, kenako anati ayambe akambirana ndi mkamwini wawo, amene akadali ndi mantha. Mayi Msiska anati amusunga iwo.

5. Zina ndi zina

Kunafika Bambo Chawanangwa Mwalwanda, mwamuna wa malemu, atasenza thumba la mpunga. Anati abwera kudzatenga mapepala ena kuchipatala, ndipo sakanabwerera osaona anthu amene anasunga mkazi wawo. Malemu anawauza kuti anachoka okha chifukwa chofuna kukaona ana, koma ku Lilongwe anasamalidwa ngati kwawo.

“Anati mpaka munawapatsa chipinda chawochawo kuti azipumula bwino,” anatero bambowo. “Mpungawu analima okha. Anandilamula kuti ndidzapereke kwa Mayi Nyasulu. Ndi ati?”

Mayi Nyasulu anaimirira, nagwada, nawagwira dzanja. Bambo Mwalwanda anapempha kuti aone chipindacho. Wapampando anati kiyi ali ndi mlonda, ndipo anawaperekeza pokwerera minibasi.

Wapampando atabwerako, Mayi Msiska anati bambowo anayenera kuuzidwa zoona. Wapampando anati malemu anasankha okha zoti awauze, ndipo sakuona kuti ife tili ndi mphamvu zowatsutsa. Sitinagwirizane. Nkhaniyi yaimikidwa.

Mayi Nyasulu anakana kunyamula mpungawo. Ena onse anakananso. Wasiyidwa pansi pa tebulo la Sande Sukulu.

6. Kutseka

Msonkhano wina udzakhala pa 11 Epulo, malo omwewa. Wapampando anapempha wina kuti atseke ndi pemphero. Popeza palibe anadzipereka, tinanena limodzi Pemphero la Ambuye, ndipo tinabalalika 4 koloko itangodutsa.

Gilford Mkandawire, Wapampando ____________

Jenifer Chimwaza, Mlembi ____________