Mapeyala a Amayi ndi Sitika ya Buluu

Mlongo wanga Mzime,

Ndikhulupirira kuti uli bwino, pamodzi ndi alamu anga ndi ana awiri aja amene ndimangowadziwira pa zithunzi. Kuno tilipo. Amayi miyendo yatupanso. Ulendo wawo tsopano ndi wochoka pabedi kufika pampando wa pakhonde, basi. Ine ndili ngati nsomba za kuntchito kwathu: sindikuwola, koma sindikusambiranso.

Usadabwe kupeza kalata yozizira pamwamba pa zipatso. Pa foni umandiyankha ndi kachithunzi ka chala, ngati ndine wobweretsa katundu pageti pako. Pepala sungalipatse chala, uliwerenga basi.

Ntchito ikadali yomwe ija, yolongedza chakudya cha anthu akunja kuti chikwere ndege. Tili ndi zipinda ziwiri. Chimodzi ndi chongozizira, cha zitheba, tsabola ndi zipatso, ndipo mabokosi ake timamata sitika yobiriwira. China ndi choumitsa, cha nsomba ndi nyama, mmene ukapuma pakamwa pamatuluka utsi. Mabokosi ake timamata ya buluu. Onyamula katundu sawerenga mapepala, amangoyang'ana mtundu. Zaka zitatu za ku yunivesite, zimene ndinazisiya kuti ndikagone pansi pa bedi la abambo m'chipatala iwe uli kalikiliki ndi mayeso, zathera pa kusiyanitsa mitundu iwiri.

Lachiwiri ndi Lachisanu ndege imanyamula mabokosi anga kupita ku mzinda umene ukukhalawo. Tsabola wanga wafikako kambirimbiri. Ine ndimathera pa mzere wachikasu wa pachitseko cha shedi.

Tsopano za mapeyala a mwezi watha aja.

Abwana amalola wantchito aliyense kutumiza bokosi limodzi pachaka kwa abale. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinatumizepo, chifukwa sindinkaona woti ndimutumizire. Amayi atazimva anaumirira kuti mtengo wa abambo uja, wa kuseri kwa bafa, wabereka bwino, ndiye Mzime wawo alaweko. Anakhala pampando n'kumaloza ndi ndodo, ine ndili pamakwerero. Ankati ilo ayi, Mzime sakonda aatali khosi, thyola lozungulira. Anawapukuta okha ndi nsalu, limodzilimodzi, onse makumi awiri ndi anayi. Ine ndinakaima pamzere kwa a zaulimi tsiku lathunthu kuti nditenge chikalata chosonyeza kuti alibe tizilombo.

Zimene zinafika ukuzidziwa. Alamu ananditumizira chithunzi cha mapeyala akuda bii mkati, amadzimadzi, ali mu bini. Iwe unalemba kuti ngati ndilibe chabwino chotumiza ndisamakuchititse manyazi pamaso pa anthu. Ndinakuyankha kuti a ndege anasiya bokosi padzuwa.

Ndinanama.

M'bokosi lililonse timaikamo kamakina kofanana ndi bokosi la machesi, kamene kamalemba mmene katundu wazizirira ulendo wonse. Timakatcha kazitape. Lipoti lake limafika pa kompyuta ya mayi wa pa sikelo, amene amayeza mabokosi asanatuluke. Anandiitana nthawi ya tiyi n'kundilozera. Bokosi lako linakhala maola khumi ndi asanu pa madigiri khumi ndi asanu ndi atatu pansi pa ziro, pakati pa nsomba. Peyala likauma choncho, posungunuka limada.

Mayiyo anandifunsa kuti nanga a pulofesa, ndani anamata ya buluu pa zipatso za mayi anu? Ndi mmene amanditchulira kuntchito, ndipo si ulemu. Ndinati mwina woyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamula mabokosi. Anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, nati folokolifiti ilibe zala.

Ndinamata ndine, Mzime. Tsiku limenelo ndinali nditamata za buluu mazana atatu pa nsomba, ndiye ndikhoza kunena kuti dzanja linazolowera. Koma m'mawa womwewo unali utatumiza pa gulu la banja chithunzi chako uli mu gauni ya digiri yachiwiri, ndi mawu akuti khama lipindula. Khama! Ngati ine ndinasiya sukulu chifukwa cha tulo. Masabata asanu ndakhala ndikudzifunsa ngati linali dzanja kapena mtima. Kazitape sayeza zimenezo.

Amayi sakudziwa kanthu. Ndikangolowa pageti, ndisanavule n'komwe nsapato, amafunsa ngati Mzime wanenapo za mapeyala. Poyamba ndinati ndege inachedwa. Kenako ndinati wadya ndipo wathokoza. Sanakhutire. Anafuna kudziwa ngati unathira mchere kapena shuga. Ndinati shuga. Anakwinya nkhope, nati Mzime wawo chibadwire amathira mchere ngati abambo ake, kapena kunjako amusintha lilime? Ndinanamizira alamu. Undipepesere kwa iwo.

Kuchoka apo bodza linabereka ana. Ndinauza Amayi kuti zidzukulu zawo zinakanganirana peyala lomaliza mpaka misozi. Tsopano amauza aliyense wodutsa pamsewu, ngakhale wowerenga mita ya madzi, amene anangoima n'kumagwedeza mutu, cholembera chili m'manja. Ine ndimamvera kukhitchini, kutsuka mbale imodzi katatu.

Lolemba Amayi anandiitana kuti ndikhale pansi. Anati aganiza bwino, ndipo adziwa chifukwa chake suimba foni: anakusankhira osakhwima, ndipo iwe mwana waulemu ukuopa kuwauza. Anatambasula manja awo n'kumawayang'ana, nati akalamba, satha ngakhale kusankhira mwana chipatso. Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake analawa pang'ono n'kukankha mbale.

Izi ndi zimene zandigwiritsa cholembera. Kuti uzindiona ngati wolephera, ndinazolowera. Khungu langa linakhakhala kalekale. Koma adokotala sanazungulire: ati tisawerengere nyengo ina ya zipatso. Sindingalole Amayi apite akudziimba mlandu pa sitika yanga.

Mumtengo munatsala asanu ndi awiri, kunsonga kwenikweni. Ndinawathyola Amayi asanadzuke. Atafunsa ndinati ndi mileme, ndipo limenelo ndilo bodza langa lomaliza. Bokosi langa la chaka chino linatha, ndiye ndinapita kwa mayi wa pa sikelo, yemwe tsiku lina ndinamuuza pagulu kuti satha kulemba ngakhale dzina lake, n'kumupempha lake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati a pulofesa agwada lero, anthu anulani zovala, mvula ikubwera. Anavomera, koma anati sitika amata yekha. Mawa ndidzaima pambali ngati mlendo, iye akumata yobiriwira mbali zonse zinayi.

Tsono tamvera mkulu wako kamodzi kokha. Usawaike mu firiji. Uwakulunge m'pepala, uwasiye patebulo masiku atatu kapena anayi. Ukadina pafupi ndi pogwirira n'kumva kuti pafewa, dula. Thira mchere. Anthu muli anayi, mapeyala asanu ndi awiri. Lomalizalo usaligawe, alekerere ana akanganirane, kuti bodza langa limodzi lisanduke zoona.

Ukatero imba foni. Osati yanga. Nambala ya Amayi sinasinthe. Lamlungu masana amakhala pakhonde, foni ili m'thumba la juzi, ndipo ndimaitchaja ine m'mawa uliwonse ngakhale siilira. Sindikukupempha kuti uname. Mabodza ndi gawo langa. Iwe udye kaye, kenako uwauze mmene akomera.

Za sitika ya buluu, ukafuna kuwauza uwauze, sindithawa. Koma dikira ayambe kaye kudya.

Mulungu akusunge kumeneko ndi onse a m'nyumba mwako. Upereke moni kwa alamu, ndipo anawo uwauze kuti ali ndi azakhali, ngakhale ndi aukali. Amayi akanakupatsa moni wambiri, koma sakudziwa kuti ndalemba.

Ndine mlongo wako wamkulu,
wa ku chipinda chozizira.