Ndikagona pa Matayala

Lolemba, 2 June

Foni ya ba Brighton, mulamu wanga, tiyi ndisanamwe n'komwe. Mwala wa pamanda a Pius tikauvundukula pa 28, ku Chipata. "Za pogona musadandaule, mulamu, kukhitchini kuli malo." Kukhitchini! Komwe ndinagona pamaliro, pamatumba a chimanga, mbewa zikundiyeza mapazi, azilamu ali pakhonde kugawana za Pius, mwamuna wanga. Pikapu anatenga Brighton yemweyo. "Ndikusungireni, wamasiye sayendetsa." Zaka ziwiri akundisungirabe. Mafuta okha ndiwo sanandipemphe.

Zaka 31 ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni ake mmene maufumu amagwera. Uwunso ugwe. Ndipita ndi bedi langa, la matayala, lokhala ndi loko.

Lachinayi, 5 June

Ku Ndola ndi mnzanga Felistas, kukaona motoka yogonamo. Mwini wake injiniya wa kumigodi, akubwerera kwawo. Bedi, sitovu, kasinki, zonse m'mimba imodzi ndi injini. Ndinaikonda, ndisaname. Poiyesa ndinafika nayo ku komboni ya Kabushi. Anthu atatu anaiimika. Mayi wina wa dengu la tomato anatsegula yekha chitseko: "Ni ya mu town?" Digiri yonseyi, chondisowa chinali kondakitala.

Wondidzutsa ndi Felistas: "Iwe Leah, pamwambo motoka ilibe mwini." Zoona zake. Chilichonse cha injini chimatumidwa. Nkhuni, kabichi, a kwaya, azakhali a miyendo yotupa. Bedi langa likanaswera kumsika, Brighton pachiwongolero, chigongono pawindo. Pomaliza n'kundisungiranso. Awe.

Loweruka, 7 June

Kalavani, ku komboni ya Luangwa konkuno ku Kitwe, kuseri kwa nyumba ya bambo wina wopuma kumigodi. Ngolo chabe, yochita kukoka. Nkhuku zimaikiramo. Denga silidontha, loko ngwamoyo. Chopanda injini palibe angachitume kumsika. Vuto limodzi: kamotoka kanga sikangakoke ngakhale mbuzi yofuna yokha kupita. M'banja lonse, motoka ya chitsulo chokolowekera ngolo kumbuyo ndi imodzi: pikapu ija.

Ndinaseka mpaka mwini kalavani anafunsa Felistas ngati ndimadwala.

Lamlungu, 8 June

Ku Misa sindinamve kanthu. Pofika pa "monga ifenso tikhululukira" ndinatsokomola.

M'chitini cha ulusi zonse zilimo: kiyi wachiwiri wa pikapu, buku lake la umwini, dzina la Pius, ndi pepala la khoti loti woyang'anira chuma ndine. Ndakhala nazo kuyambira kale. Koma ku Chipata, pakati pa abale ake, pepala ndi pepala basi. Chimene ndinalibe ndi motokayo mkati mwa geti yanga, kuno ku Kitwe.

Lachitatu, 11 June

Kalavani ndagula, mwini wake wandikokera mpaka pakhomo. Ndamuimbira Brighton, mawu a nkhosa: akuluakulu a banja ndawapezera pogona, koma ine mkazi ndingakoke bwanji? Ndimachita kumumva akudziona yekha, m'mawa akutuluka mukalavani, thaulo pakhosi, mudzi wonse maso pa iye. "Mwaganiza bwino, mulamu. Pius akanakondwa."

Dzina limenelo m'kamwa mwake. Kapu imodzi yapita, ya maluwa ija. Khoma silinalakwe.

Lachisanu, 20 June

Kuchapa kalavani. Nthenga, nthenga, dzira limodzi la chaka chatha. Loko watsopano pageti, wamkulu ngati chibakera. Felistas akuti ndikuchimwa, kenako wafunsa nthawi yoti afike asaphonye. Mchimwene wake, wapolisi, adzabwera kudzamwa tiyi. Tiyi chabe. Kuti adzakhala atavala yunifomu, si mlandu wanga.

Lachitatu, 25 June

Brighton wafika 14 hours. Suti, magalasi akuda, mimba patsogolo. Analowetsa yekha pikapu chambuyo, mwaluso, apo ndimuyamikire. Anakoloweka yekha kalavani, thukuta lili noninoni, akundilangiza za mabuleki. Ndinamugwadira ndi madzi osamba m'manja. Nkhuku yathunthu. Ali pantchafu yachiwiri, ndinakakhoma geti.

Mapepala patebulo, pambali pa mchere. Wapolisi akungotakasa shuga, pang'onopang'ono, osayang'ana munthu. "Mulamu, chibale chonsechi?" Ndinamuuza kuti wasunga mokwanira, Mulungu amudalitse. Kiyi anaika yekha. Ndi dzanja la mafuta a nkhuku yanga.

Basi ya ku Lusaka inali ya 17 hours. Felistas anamuperekeza mwaulemu wonse, atamunyamulira chikwama. Ku Chipata akafika ngati alendo ena onse, fumbi m'makutu. Foni ikungolira, azilamu onse pamzere. Ilire. Ndamaliza nkhuku ndekha, mpaka khosi.

Lachinayi, 26 June

Ndimayenera kunyamuka 05. Pano ndi 09.

Ndinalowa mupikapu kuti ndiyese kukhota ndi ngolo. Mpando uli kutsogolo kwenikweni, Brighton ngwamfupi. Ndinaukankha ndi mkwiyo. Unapita, unapita, n'kukagwira pomwe unkakhala kale, pa miyendo yaitali ya Pius. Mapazi anga safika pomwe pali mabuleki.

Sindinaubweze. Ndikulembera momwemo, injini yozima, mawindo otseka. Felistas akugogoda pageti, ndipo ine