Fomu Imene Sindinapereke

12 Meyi

Okondedwa a Injiniya,

Ndayamba ndi ulemu poti ndi mmene anthu akukutchulira masiku ano, koma kwa ine udakali Kamsomali yemwe uja, wowonda, wotafuna cholembera mpaka milomo kuda ndi inki. Kuno tili bwino. Bambo a kunyumba mawondo akuwavutabe, ine ndikadali pa benchi yanga yokonzera makina osokera, zala zili noninoni ndi mafuta tsiku lonse. Chithunzi cha mlatho umene mwamanga chinafika, ndachipachika pamwamba pa kabati ya zipangizo.

Kodi ukukumbuka tsiku lija tinapita kuyunivesite kukapereka mafomu a uinjiniya? Khonde lalitali lija, mabenchi odzaza, iwe utavala nsapato za azakhali ako zokukula. Pa bolodi anamatapo mayina a amene anatengedwa chaka cham'mbuyo. Iwe unkaseka mayina achilendo, ine ndinkawerenga kuti alipo angati. Anali makumi asanu, atsikana atatu okha. Kenako ndinawerenga mitu ya anthu pa mzere, n'kuchulukitsa ndi masiku asanu olandirira mafomu. Ndinapeza kuti pa anthu makumi atatu alionse amatengapo mmodzi. Nditakuuza unati, "Mmodziyo ndi iweyo, masamu umatiposa tonse. Ine ndangokuperekeza."

Mnzanga, pali chimene ndakhala ndikukubisira. Titayandikira pawindo ndinakuuza kuti ndikupita kuchimbudzi, ndipereka pambuyo pako. Sindinapereke. Fomu ija ndinaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la siketi. Mayina atatuluka, lako lilipo langa palibe, unalira kuposa ine, mpaka kufuna kukakalipira akalaliki a mu ofesi muja kuti anasokoneza mapepala. Ndinakugwira dzanja n'kunena kuti, "Zisiye, sunali mwayi wanga." Zaka zoposa makumi awiri wakhala ukundilembera ngati munthu wolakwa, kumabisa nkhani zako zabwino kuti mtima usandipweteke. Ine ndinangokhala chete, poti kunena kuti anandikana kunali kopepuka kusiyana ndi kunena kuti ndinachita mantha.

Wandiululitsa ndi mwana wanga wachisamba, mtsikana uja ankandiphwasulira makina a eni ake ali wamng'ono. Wakhoza bwino mayeso, ndipo naye akufuna uinjiniya. Sabata yatha ndinamupeza m'shopu, foni m'manja, akulemba manambala pa katoni: ofunsira ndi angati, malo alipo angati, amene anatengedwa chaka chatha anakhoza motani. Ndinangodziona ndekha pa khonde paja.

"Amayi, ine sindiyesa," anatero. "Ngati inuyo anakukanani, ine ndine yani?"

Ndinaika chitsulo pansi. "Sanandikane, mwanangu. Sanandione n'komwe."

Ndinamufotokozera zonse, telala wina akudikira panja ndi makina ake. Masiku awiri ankangondipatsa moni wa pakamwa chabe. Lachisanu, tsiku lotsekera kulandira mafomu, anabwera n'kukhala pa mpando wanga. Masiku ano safola pa mzere, zonse n'zapafoni. Analemba, akundiwerengera mzere uliwonse mokweza, kenako anati, "Yang'anani bwino, mukhale mboni." Anatumiza.

"Nanga akandikana?" anafunsa.

"Udzalira, ndipo ndidzakuthandiza kulirako. Koma udzadziwa."

Mayina adzatuluka mu Ogasiti. Sindikupempha kuti ukamulankhulire kwa wina aliyense, angandide. Ungomulemberako, umuuze mmene masiku ako oyamba analili, ndi maphunziro amene anakuliza, poti ine pamenepo ndilibe chonena.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Ngati wakwiya, kwiya ndithu, ndi bwino lake, koma undiyankhe, ngakhale ndi mzere umodzi wondikalipira. Ndipo ukadzabwera usadzanditengere mphatso. Udzangondigwira mkono tikalowe limodzi m'chipinda chimene munkaphunziriramo, ndikakhale pa desiki kanthawi pang'ono, ndione mmene bolodi imaonekera munthu ukakhala pamenepo.

Ndine mnzako wa pa desiki ya kumbuyo,
Mayi wa makina