Ndinathamangitsa mbuya wa apongozi pamaliro

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Kasungu ku Malawi, ndinakwatiwa ku Chipata kuno zaka ziwiri zapitazo. Amuna anga, a Ackim, ndi Angoni, amaphunzitsa ku Chiparamba.

Mwezi watha apongozi anga aamuna, a Boaz, anatisiya. Tili pamaliro ku Nabvutika, kunabwera bambo wina wa Chibemba, a Mwansa. Anaima pafupi ndi bokosi n'kunena mokweza kuti, "Boaz, dzuka! Mbewa zonse za ku Madzimoyo wasiyira ndani?" Kenako anatapa ufa n'kuwaza amuna anga kumutu, iwo akulira. Anthu ena anaseka.

Aphungu, mtima unandipweteka. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Inu ndinu ndani pano? Si inu achibale. Chokani!" Bambowo anapukuta manja n'kutuluka.

Chichokereni tsikulo, apongozi aakazi sadya chakudya changa. Anangondiuza kuti, "Wapirikitsa mbuya wathu. Ine ndikadzafa adzandiika ndani?" Amuna anga akuti ndikapepese, apo ayi pakhomo sipadzakhala mtendere. Ndikapepese chiyani, poti ndinkateteza ulemu wa malemu?

Y.P., Nabvutika, Chipata

Mayi Y.P.,

Mtima wanu unali wabwino, koma munalakwa. Safunsa anadya phula.

Chimene munaona chija ndi chimbuya. Angoni ndi Abemba ankamenyana kalekale, ndipo ataika mikondo pansi anasanduka abale a nthabwala. Mbemba amanyoza Mngoni za kudya mbewa, Mngoni amabwezera za kudya anyani, palibe wokwiya. Koma si nthabwala zokha. Maliro akagwa, achibale a magazi manja amalefuka ndi chisoni, ndiye mbuya amagwira ntchito zimene iwo sangathe. Kwanu komwe kuli adzukulu, mukudziwa kuti sathamangitsidwa.

Afunseni amuna anu amene anathamangira bokosi, amene anasonkha moto pasiwa. Ndikukayika ngati dzina la a Mwansa lingasowepo. Mawu akuti "si inu achibale" ndiwo anawalasa, chifukwa chibale chawo ndi a Boaz sichinali chobadwa nacho, chinali chochita kuchisamala.

Tsono chitani izi. Yambani ndi apongozi anu. Khalani pansi, muwauze kuti simunkadziwa, ndipo muwapemphe akuperekezeni. Mantha awo ndi enieni: munthu wamkulu amafuna kudziwa amene adzamuike. Za pafoni ayi, pitani ndi miyendo yanu, nkhuku m'manja. Mukafika musayambe kufotokoza za kwanu. Nenani kuti, "Ambuya, ndinalakwa," basi.

Akayamba kukusekani, musagwetse nkhope. Ngati mungathe, afunseni ngati nkhukuyo ikwane, kapena mukawasakire nyani.

Chenjezo langa ndi ili: musatengere pamenepa n'kumanyoza Mbemba aliyense m'minibasi, chimbuya chimayenda ndi kudziwana. Ndipo mutchere khutu mmene a Mwansa akakulandirireni. Akakupatsani mpando mwaulemu n'kumati "zikomo mayi, palibe kanthu," dziwani kuti nkhani sinathe, mudzapitenso. Koma akakuyang'anani n'kunena kuti, "Ackim anakatola kuti kamkazi kakudya mbewa aka?" thokozani Mulungu. Akulandirani m'banja.

Aphungu