Phungu wa pakati uja

Lachinayi, ku South B, dera lomwe ndikukhala kudziko la eni kuno. Manyazi sanandichokebe.

Lero ku ofesi kunabwera phungu wina wa ku France kudzaona ntchito yathu ya madzi, ndipo abwana anandikhazika pafupi naye pa nkhomaliro. Mdala wa imvi, wofatsa. Ndinamufunsa ngati ali ku boma kapena kotsutsa. Anati ali pakati.

Pakamwa pangapa! Ndinaseka n'kunena kuti kwathu phungu akati ali pakati, ndiye kuti akudikira foni ya unduna. Ndimayesa onse aseka. Palibe anaseka.

Mdalayo anaika foloko pansi. Anati walowa m'nyumba ya malamulo katatu ndi chipani chomwecho. Anzake atathamangira ku chipani chachikulu iye anatsala, unduna anaukana, ndipo akudziwa kuti pa chisankho chikubwerachi mpando umuthawa. Kenako anandifunsa mopanda mkwiyo: "Kwanu kulibe ndi mmodzi yemwe wotere?"

Poweruka ndakwera matatu, minibasi ya kuno, ndikusanthula aphungu a kwathu mumtima, ndipo mayina awiri ndawakumbukira nditafika kale pa geti ya kunyumba. Ndanyoza mlendo, ndanyozanso kwathu, ndipo mawa akukwera ndege atasenza zomwe ndamuuzazo.